Hini, logi ndi bati: malita ake tiziwalemba mosamala

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tinenepo za miyezo imene Aisiraeli akale ankayezera mafuta, vinyo ndi madzi, makamaka hini ndi inzake iwiri, logi ndi bati. Chatilembetsa kalatayi ndi chizolowezi chimene chafala pakati pa olalikira ndi olemba nkhani za m'Baibulo, chotchula malita a miyezo imeneyi motsimikiza ngati kuti anayeza okha. Wina akuti hini ndi malita 3.67, wina akuti ndi malita 6.5, ndipo palibe amene akunena kumene nambala yake waitenga. Wowerenga amangoti mmodzi mwa awiriwa akunama, chonsecho nambala zonsezo zili ndi gwero lake, kungoti zikunena za nthawi zosiyana ndipo zinapezeka m'njira zosiyana. Chimene tingachinene mosakayika n'chakuti muyezo uwu unkalowa kangati mu uwo. Malita ndi kuyerekeza chabe, ndipo wolemba ayenera kuulula kuti akuyerekeza potengera chiyani.

Zimene Baibulo lenilenilo likunena pa nkhaniyi n'zochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Ezekieli 45:11 akuti bati ndi efa zikhale zofanana kukula, chilichonse chikhale gawo limodzi mwa magawo khumi a homeri. Efa ankayezera zouma monga tirigu, balere ndi ufa, pomwe bati ankayezera zamadzimadzi. Vesi 14 la mutu womwewo likuonjeza kuti kori ndi mabati 10, kutanthauza kuti kori ndi homeri n'chimodzimodzi. Basi, zathera pomwepo. Palibe vesi limene likunena kuti mu bati munkalowa mahini angati, kapena kuti mu hini munkalowa malogi angati. Zimenezo timazidziwa kuchokera kwa Josephus, wolemba mbiri wachiyuda amene anamaliza buku lake lalikulu la mbiri ya Ayuda cha m'ma 93 AD, komanso kuchokera m'mabuku a arabi, aphunzitsi achiyuda aja, makamaka Mishnah imene inasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD. Onsewa akugwirizana kuti malogi 12 ndi hini imodzi ndipo mahini 6 ndi bati imodzi. Choncho bati ndi malogi 72, kori ndi malogi 720.

Nambala ya 12 ija ili ndi ntchito yake. Numeri 15:4-10 akufotokoza zimene zinkaperekedwa limodzi ndi nyama ya nsembe. Pa mwanawankhosa pankapita gawo limodzi mwa magawo khumi a efa ya ufa wosalala, kota ya hini ya mafuta okandira ufawo, ndi kota ya hini ya vinyo wa nsembe yachakumwa. Pa nkhosa yamphongo ufa unali magawo awiri, mafuta ndi vinyo chilichonse gawo limodzi mwa magawo atatu a hini. Pa ng'ombe yamphongo ufa unali magawo atatu, mafuta theka la hini, vinyo theka la hini. Tsono nambala yaing'ono koposa imene imagawika pawiri, patatu ndi panayi popanda chotsala ndi 12. Mukaika m'malogi zonse zimatuluka zathunthu: mwanawankhosa malogi 3, nkhosa yamphongo malogi 4, ng'ombe malogi 6. Mishnah nayo ikutchula nambala zomwezi.

Apa ndi pamene pali njira yabwino yowerengera. Sandutsani chilichonse chikhale malogi, phatikizani malogiwo, ndipo malita muwapeze kamodzi kokha kumapeto. Titenge nsembe ya pa tsiku loyamba la mwezi, pa Numeri 28:11-14, imene inali ng'ombe ziwiri, nkhosa yamphongo imodzi ndi anaankhosa asanu ndi awiri. Vinyo wa ng'ombe ndi malogi 12, wa nkhosa yamphongo malogi 4, wa anaankhosa malogi 21. Onse pamodzi ndi malogi 37, ndiye kuti mahini atatu ndi logi imodzi. Amene amayamba ndi malita amalakwa chifukwa chofupikitsa nambala pa sitepe iliyonse. Kota ya hini, pa bati ya malita 22 imene tiifotokoza kutsogoloku, ndi malita 0.92, ndipo munthu amangoti ndi lita imodzi. Pa nsembe imodzi kusiyanako sikuoneka. Koma Eksodo 29:38-41 akulamula anaankhosa awiri tsiku ndi tsiku, wina m'mawa wina madzulo, aliyense ndi kota ya hini ya vinyo. Pa masiku 365 amenewo ndi malogi 2,190, mabati 30 ndi pang'ono, malita pafupifupi 670. Wofupikitsa uja apeza malita 730, ndipo waonjezera mabati pafupifupi atatu amene kunalibe. Mwa njira yomweyi mutha kuona kuti mabati 100 a vinyo ndi mabati 100 a mafuta amene mfumu Aritasasta inalola kuti Ezara apatsidwe, pa Ezara 7:22, akanakwanira nsembe ya tsiku ndi tsiku yokha kwa zaka zitatu, osawerengera masabata ndi zikondwerero.

Ansembe sankachita masamu amenewa pa guwa. Mishnah ikuti m'Kachisi munali ziwiya zisanu ndi ziwiri zoyezera zamadzimadzi: hini, theka la hini, gawo lachitatu la hini, kota ya hini, logi, theka la logi ndi kota ya logi. Rabi wina ananena kuti chiwiya cha hini chinali ndi mizere m'kati, mzere wa ng'ombe, mzere wa nkhosa yamphongo ndi mzere wa mwanawankhosa, kotero wothira ankangoyang'ana pamene mafuta afika. Theka la logi ndi limene ankathira mu nyale iliyonse ya pa choikapo nyale zisanu ndi ziwiri chija, malogi atatu ndi theka usiku umodzi. Palibe ngakhale chimodzi mwa ziwiya zimenezi chimene chinapezeka, ndipo vuto la malita layambira pamenepo.

Pali njira zitatu zimene akatswiri amafikira pa malita, ndipo iliyonse ili ndi chilema chake.

Yoyamba ndi ya Josephus. Iye ankalembera Agiriki ndi Aroma, choncho anafanizira miyezo ya kwawo ndi imene owerenga akewo ankaidziwa. Analemba kuti bati imalowa masekisitariyo 72, ndiponso kuti hini ndi miyezo iwiri ya ku Athens yotchedwa makhowe. Sekisitariyo wa Aroma timamudziwa bwino, ndi lita yoposa theka pang'ono, pafupifupi malita 0.55. Mukachulukitsa ndi 72 mupeza bati ya malita 39, hini ya malita 6.5, logi ya theka la lita ndi kadontho. Chilema chake n'chakuti Josephus anakhala zaka pafupifupi 1,000 pambuyo pa Solomoni, ndipo munthu wofuna kuti alendo amumve amasankha muyezo wachilendo woyandikira, osati wofanana ndendende. Bati yake ikufanana bwino kwambiri ndi muyezo wa Agiriki wotchedwa metretes, mpaka munthu n'kukayikira ngati sanangoika dzina lachiheberi pa chiwiya chachigiriki.

Njira yachiwiri ndi ya mitsuko imene inafukulidwa pansi. Ku Tell Beit Mirsim, m'dera lakale la Yuda, kumene katswiri wofukula zakale W. F. Albright anakumba pakati pa 1926 ndi 1932, kunapezeka phale la mtsuko lolembedwa mawu akuti bati. Ku Lachish nako kunapezeka phale lolembedwa kuti bati ya mfumu. Albright atayerekeza kukula kwa mtsuko wonse anapeza malita pafupifupi 22, ndipo nambala imeneyi ndi imene ili m'mabuku ambiri lero. Pa bati ya malita 22, hini ndi malita 3.7 ndipo logi ndi mamililita 300 ndi pang'ono. Koma onani kuti zimene zinapezeka ndi mapale, osati mtsuko wathunthu woti munthu n'kuthiramo madzi. Woyerekeza amaona kupindika kwa phale n'kuganizira kumene mimba ya mtsuko inkathera. Akaphonya ndi magawo asanu okha pa 100 alionse m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, zolowa mumtsukomo zimasintha ndi magawo pafupifupi 16 pa 100, chifukwa kuphonyako kumachulukana katatu. Malita 22 asanduka 25.5 popanda wina kunama. Onjezani kuti mitsukoyi inkaumbidwa ndi manja, kuti dongo limabwerera likamauma ndi likamaotchedwa, ndiponso kuti sitingathe kufunsa woumba ngati bati inkathera pakhosi pa mtsuko kapena pamlomo. Palinso mitsuko ikuluikulu ya m'nthawi ya mfumu Hezekiya, imene zogwirira zake zinadindidwa chidindo cha mfumu, ndipo yambiri inapezeka m'mabwinja a midzi imene Senakeribu anaononga mu 701 BC. Imene inalumikizidwa n'kuyezedwa imalowa malita pafupifupi 45, ina kuposerapo, ina kucheperapo. Akatswiri ena anati imeneyo ndiye bati. Ena anati ndi mabati awiri, ndipo theka la 45 likugwera pafupi ndi 22 uja.

Njira yachitatu ndi ya mazira. Arabi ankati logi ndi mazira 6, kutanthauza madzi amene mazira asanu ndi limodzi angasefukiritse mukawamiza m'chiwiya chodzaza. Hini ikhala mazira 72, bati mazira 432. Funso loti dzira lake liti analiona kale, ndipo Mishnah ikuti likhale lapakatikati. Rabi wina anapereka njira yake: tengani dzira lalikulu koposa ndi laling'ono koposa, muwamize m'madzi, madzi osefukirawo muwagawe pakati. Ngakhale zili choncho, arabi a m'zaka za m'ma 1900 anasiyanabe. Avraham Chaim Naeh anaika kota ya logi pa mamililita 86, pomwe rabi wodziwika ndi dzina loti Chazon Ish anaiika pa mamililita pafupifupi 150. Woyambayo akupereka hini ya malita 4.1 ndi bati ya malita 25, wachiwiriyo hini ya malita 7.2 ndi bati ya malita 43. Mabuku a arabi akuvomerezanso poyera kuti miyezo inkakula ndi nthawi. Amatchula muyezo wa m'chipululu, wa ku Yerusalemu ndi wa ku Sepphoris, mzinda wa ku Galileya. Miyezo isanu ya ku Yerusalemu inkafanana ndi isanu ndi umodzi ya m'chipululu, ndipo wa ku Sepphoris unaposa wa ku Yerusalemu mwa mlingo womwewo.

Maganizo athu ndi awa. Pa nkhani za m'Chipangano Chakale gwiritsani ntchito bati ya malita 22, imene ikuposa pang'ono ndowa ya malita 20, chifukwa mitsuko imene yatipatsa nambalayi ndi ya m'nthawi ya mafumu a Yuda. Pa nkhani za m'Chipangano Chatsopano nambala ya Josephus ndi yoyenera kuimvera, chifukwa iye ndi Luka anakhala m'nyengo imodzi. Pa Luka 16:6, m'fanizo la kapitawo wosakhulupirika, munthu wina anali ndi ngongole ya mabati 100 a mafuta, ndipo kapitawo anamuuza kuti alembe 50. Pa muyezo wa Josephus ngongoleyo ndi malita 3,900, pa muyezo wa mitsuko ndi malita 2,200. Fanizolo silisintha, popeza theka ndi theka, koma amene akufuna kutchula malita asankhe nambala ya nthawi yake. Mitsuko isanu ndi umodzi ya ku Kana, pa Yohane 2:6, siinayezedwe n'komwe ndi bati. Yohane anagwiritsa ntchito metretes, iwiri kapena itatu pa mtsuko, ndiye kuti malita 78 mpaka 117. Tikupempha, Akonzi, kuti nkhani yotchula malita ikafika pa desiki yanu, muzionetsetsa kuti pali mawu akuti pafupifupi, ndipo wolembayo wanena bati imene akuwerengera. Kulemba kuti hini ndi malita 3.67 n'kudzitama ndi kulondola kumene mapale aja sangapereke.

Pali misampha ina imene ili yosavuta kuipewa. Mabuku ambiri achingerezi amati hini ndi pafupifupi galoni imodzi, ndipo akunena galoni ya ku America, ya malita 3.79. Amene watenga galoni ya ku Britain, ya malita 4.55, wakulitsa hini ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Aiguputo nawo anali ndi muyezo wotchedwa hini, koma wawo unali wosakwana theka la lita, choncho nambala yotengedwa m'buku la mbiri ya Iguputo ingachepetse nsembe ya Aisiraeli kasanu ndi kawiri kapena kuposa. Omeri ndi homeri amasokonezanso anthu: omeri ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a efa, monga akunenera Eksodo 16:36, pomwe homeri ndi maefa khumi, kusiyana kwake n'kokwana 100. Ndipo lita si kilogalamu. Mafuta a maolivi ndi opepuka kuposa madzi, lita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 910, kotero hini ya mafuta, ya malita 3.7 ija, ndi makilogalamu pafupifupi 3.4.

Kulemera kumeneku kumathandiza kumvetsa mafuta odzozera a pa Eksodo 30:23-25. Mose anauzidwa kutenga mure wolemera masekeli 500, sinamoni masekeli 250, bango lonunkhira masekeli 250, kasiya masekeli 500, ndi mafuta a maolivi hini imodzi. Miyala yoyezera imene inafukulidwa ku Yuda imaonetsa kuti sekeli inali magalamu 11 ndi pang'ono. Masekeli 1,500 ndiye kuti ndi makilogalamu pafupifupi 17 a zonunkhira, pa mafuta a makilogalamu 3.4. Amene angayese kungosakaniza zimenezi sapeza mafuta othira pamutu pa munthu. Makungwa ndi mizu youma idzamwa mafuta onse, n'kutsala phala lolimba. Ngakhale mutatenga hini yaikulu ya Josephus, zonunkhirazo zikuposabe mafuta pafupifupi katatu. Arabi analiona vutoli, ndipo mmodzi wa iwo ananena kuti mafutawo sakanakwana ngakhale kupaka mizuyo. Njira imene anafotokoza ndi yoviika zonunkhira m'madzi kuti zikhute madziwo, kenako n'kuthira mafuta pamwamba kuti atenge fungo, n'kuwayengula. Mizu yokhuta madzi siimwanso mafuta. Vesi 25 likanena kuti inali ntchito ya mmisiri wopanga zonunkhira, likunena za luso la mtundu umenewu.

Ufa wa nsembe nawo uli ndi zake. Gawo lakhumi la efa ndi malogi 7.2, choncho pa mwanawankhosa mafuta anali logi imodzi pa malogi 2.4 a ufa, mtanda wonona kwambiri. Pa nkhosa yamphongo ndi pa ng'ombe inali logi imodzi pa malogi 3.6. Ezekieli 46:5-7 akupereka mlingo wina, hini imodzi pa efa yathunthu, imene ndi logi imodzi pa malogi 6. Amene akulemba za nsembe asasakanize mindandanda iwiriyi ngati ndi umodzi.

Pamene kusankha bati kumasintha kwambiri chithunzi chimene wowerenga amaona ndi pa Ezekieli 4:9-11. Mneneri anauzidwa kugona chammbali masiku 390, akudya buledi wa tirigu, balere, nyemba, mphodza, mapira ndi mbewu ina, wolemera masekeli 20 pa tsiku, ndi kumwa madzi okwana gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a hini. Chakudyacho ndi magalamu pafupifupi 230. Madziwo ndi malogi awiri, mamililita 600 pa bati ya malita 22, kapena lita imodzi ndi pang'ono pa bati ya Josephus. Ezekieli anali wa m'nthawi ya mafumu omaliza a Yuda, choncho nambala yaing'onoyo ndi imene ikumuyenera. Mamililita 600 pa tsiku, kudziko lotentha la Babulo, ndi madzi ongoletsa munthu kufa msanga. Ndiwo uthenga wa vesi 16, wakuti anthu a mu Yerusalemu wozingidwa adzamwa madzi ochita kuyeza, ali ndi mantha.

Logi imatchulidwa m'mutu umodzi wokha m'Baibulo lonse, Levitiko 14, pa mwambo woyeretsa munthu amene wachira khate. Wansembe ankathirako mafuta m'dzanja lake lamanzere, n'kuviika chala cha kumanja, kuwaza kasanu ndi kawiri, kenako kupaka pa nsonga ya khutu lamanja, pa chala chachikulu cha dzanja lamanja ndi cha phazi lamanja la wochirayo, ndipo otsala m'dzanjamo ankawapaka pamutu. Mamililita 300 ndi okwanira ntchito yotere. Chochititsa chidwi n'chakuti munthu wosauka anamuchepetsera nyama ndi ufa, kuchoka pa magawo atatu kufika pa limodzi, koma vesi 21 likusiya logi ya mafuta ili yomweyo. Yesaya 5:10 ali kumapeto enawo a nkhani: munda wa mpesa umene ng'ombe ziwiri zapagoli zingalime masiku khumi udzatulutsa bati imodzi yokha ya vinyo.

Tsopano thanki yamkuwa ya Solomoni, imene Baibulo limaitcha Nyanja. Pa 1 Mafumu 7:23-26 akuti inali mikono 10 kuchoka mlomo uwu kufika uwo, mikono 5 msinkhu, mikono 30 kuzungulira, yochindikala chikhatho chimodzi, ndipo inkalowa mabati 2,000. Pa 2 Mbiri 4:5 akuti mabati 3,000. Awa ndi malo okhawo m'Baibulo pamene tapatsidwa kukula kwa chiwiya ndi zolowamo mokwanira kuti tiwerengere, choncho tiyeni tiyese. Pa mkono wamba wa masentimita 44.5, thanki ya makoma oongoka kuyambira pamlomo mpaka pansi ingalowe malita 34,600. Pa mkono wautali wa masentimita 52 ingalowe malita 55,200. Mukagawa ndi 2,000 mupeza bati ya malita 17 kapena ya malita 28, ndipo 22 uja ali pakati pake. Bati ya Josephus ingafune malita 78,000, amene sangalowe m'thanki imeneyi ngakhale mutasankha mkono wautali. Kwa ife umenewu ndi umboni wamphamvu wakuti bati ya m'nthawi ya mafumu inali yaing'ono kuposa ya m'nthawi ya Aroma.

Nanga 2,000 ndi 3,000? Pali mayankho angapo. Thanki yooneka ngati theka la mpira imalowa magawo awiri mwa atatu a thanki ya makoma oongoka ya mlomo ndi msinkhu womwewo. Pa mkono wautali ndi malita 36,800 poyerekeza ndi 55,200, ndipo kusiyana kumeneku n'kofanana ndendende ndi kwa 2,000 ndi 3,000. Tsono ena amati olemba awiriwa anawerengera maonekedwe osiyana. Arabi anayankha mwina: 2,000 ndi muyezo wa madzi, 3,000 ndi wa zouma zitaunjikidwa mpaka kupanga mulu pamwamba. Ena amati okopera anaphonya nambala, ena amati wolemba Mbiri anagwiritsa ntchito bati ya nthawi yake, popeza analemba Ababulo ataiphwanya kale thankiyo n'kutenga mkuwa wake, monga akunenera 2 Mafumu 25:13. Ife tikuona kuti yankho la maonekedwe ndi lokopa chifukwa masamu ake akutuluka bwino, koma lisalalikidwe ngati kuti nkhani yatha. Masamu onsewa sanachotsere kuchindikala kwa mkuwa, ndipo ngati thankiyo inali ndi mimba yotukuka pansi pa mlomo wake, nambala zonse zisuntha.

Yankho la arabi lija likukumbutsa chinthu chimene owerenga Ezekieli 45:11 amachiiwala. Bati ndi efa zinali zofanana ngati ziwiya, koma tirigu amaunjikika pamwamba pa mlomo pomwe mafuta amangotayika. Efa ya mulu inali ndi zambiri kuposa bati, ndipo wogula ankayenera kudziwa ngati pamalopo amagulitsa muyezo wa mulu kapena wosalaza.

Levitiko 19:36 akulamula sikelo yolungama, miyala yoyezera yolungama, efa yolungama ndi hini yolungama. Kuba pa zamadzimadzi kuli ndi njira zake zimene sikelo siingazigwire, ndipo malamulo a arabi akuzitchula imodzi ndi imodzi. Vinyo akathiridwa kuchokera patali amachita thovu, chiwiya n'kuoneka chodzaza pamene sichinadzaze, choncho analetsa kuthira mochititsa thovu, ngakhale pa kamuyezo kakang'ono kolowa ka 36 mu logi imodzi. Mafuta amamatirira m'kati mwa chiwiya ndipo akaumiramo chiwiyacho chimachepa. N'chifukwa chake Mishnah ikuti wogulitsa zambiri nthawi imodzi azitsuka miyezo yake kamodzi pa masiku 30, mwininyumba wogulitsa mwa apo ndi apo kamodzi pa miyezi 12, ndipo wa sitolo azipukuta miyezo yake kawiri pa mlungu. Wothirira wogula, kupatula wa sitolo, ankayeneranso kudikira kuti madontho atatu omaliza agwere m'chiwiya cha wogulayo asanachotse muyezo.

Mtsuko wadothi nawo umamwa. Munthu akasungitsa mafuta kwa mnzake, Mishnah ikulola wosungayo kuchotsera malogi atatu pa malogi 100 alionse pobweza: logi imodzi ndi theka ya nsenga zimene zimadikha pansi, ndi logi imodzi ndi theka ya mafuta olowa m'dongo. Ngati mafutawo anali osefa kale, za nsenga sankachotsera. Ngati mitsuko inali yakale, yokhuta kale mafuta, za kumwa kwa dongo sankachotsera. Vinyo ankamuchotsera zambiri, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndiye kuti pa bati iliyonse yosungitsa mwiniwake ankayembekezera kulandira mahini asanu.

Ndife owerenga anu,
Aphunzitsi a Chipangano Chakale